Chikomekome cha P-38: mmene ndinasankhira molakwa ndege yanga yoyamba ya injini ziwiri

Ndege ya rimoti imeneyi ndinaipanga miyezi 7, koma m'mwamba sinathemo ngakhale masekondi 20. Zidutswa zake ndinabwera nazo kunyumba m'jumbo yakuda, ndipo akazi anga atasuzumiramo anangoti, "Abambo, ndege ija ndi imeneyi?" Ndinakhala duu pakhonde mpaka dzuwa kulowa, manja akununkhabe mafuta.

Ntchito yanga ndi yowotcherera zitsulo, ndipo ndimakhala kum'mawa kwa Johannesburg. Ndinakulira ku Lunzu, kumene ndege zopita ku Chileka zinkatiimitsa mpira wachikulunga tonse n'kuyang'ana kumwamba, ndipo luso lopangapanga zinthu ndinaliyambira pa galimoto zamawaya. Kuno ku Joni ndinapeza azibambo a imvi zawo akuulutsa tindege ta rimoti Loweruka lililonse pabwalo la kalabu ina, osachita nazo manyazi. Ndinalowa kalabuyo, n'kulembetsa ku SAMAA, bungwe loyang'anira masewerawa mu South Africa muno. Ndinaphunzirira pa ndege ya ophunzira, ya injini imodzi ndi phiko lapamwamba, rimoti yanga italumikizidwa ku ya mphunzitsi kuti ndikasokonezeka iye alande. Nditakhoza mayeso a solo, oulutsa ndekha popanda mphunzitsi, ndinaulutsanso ya phiko lapansi kwa chaka chathunthu. Ndatchula izi dala. Ngati simunafike poti ndege ya injini imodzi ikazima m'mwamba mumaitera bwinobwino mtima osagunda, ya injini ziwiri iyambe yadikira.

Chimene chimakola munthu ndi phokoso. Injini ziwiri zikamazungulira pa liwiro losiyana pang'ono, mawu ake amamveka akukwera n'kutsika, wuuu wuuu wuuu, ndipo pabwalo aliyense amasiya chimene akuchita. Ine nditamva kamodzi, basi, tulo tinandithawa. Ndinagula pulani ya P-38 Lightning, ndege yankhondo ya kampani ya Lockheed ya ku America imene inayamba kuuluka mu 1939, ija ya matupi awiri aatali ngati mapasa, woyendetsa atakhala m'kachipinda pakati. Kukongola kwake ndi kosayamba.

Pakalabu pathu pali mkulu wina wachizungu amene tonse timangowatchula kuti Oom, kutanthauza amalume m'Chiafrikaans. Nditawatambasulira pulaniyo pa boneti ya galimoto, sanaiyamikire. Anayeza ndi chikhatho kuchokera pakati pa ndege kufika pa injini, kenako anaika chala pa timichira tiwiri toimirira kumbuyo, n'kundifunsa kuti injini imodzi ikazima ndegeyi ichita chiyani. Ndinawayankha kuti inayo ibweretsa ndege kunyumba. Anaseka pang'ono, napinda pulani ija n'kundibwezera. Mumtima ndinati nkhalambayi ikuderera dzanja langa.

Ndinkaganiza kuti injini ziwiri ndi chitetezo. Pa tindege tathuti ndi mapanga awiri enieni. Malo oti china chake chilakwike amawirikiza, ndipo injini yotsala ija, imene umaiyesa mpulumutsi, ndiyo imaipotokola ndege.

Yangayo inali ya balsa (matabwa opepuka kwambiri) ndi pulayiwudi, mapiko otalika mita 1.7, injini ziwiri za glow (zamafuta, zoyatsidwa ndi kapulagi kotentha) za saizi ya .25, zomwe ndi pafupifupi 4cc iliyonse. Pofuna kuti ifanane ndi yeniyeni ndinaiika matayala opindika ndi penti wokhuthala, ndipo pa sikelo inafika makilogalamu 3.5. Nthawi imeneyo sindinkadziwa kuwerengera chinthu chimene lero ndimayamba nacho: kulemera kwa ndege pogawa ndi kukula kwa phiko. Phiko la P-38 yanga linali la masikweya desimita 35, ndiye kuti iliyonse inkasenza magalamu 100. Ndege imene ndinaphunzirira ija inkasenza magalamu osafika 60. Ndege yosenza katundu wotere siyingauluke pang'onopang'ono. Ukangoichepetsa liwiro, phiko limasiya kugwira mphepo. Onjezerani apo kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, kumene mpweya ndi wopepuka ndi gawo limodzi mwa magawo 6 poyerekeza ndi kugombe la nyanja yamchere. Injini imafooka, pulopela siluma bwino, ndipo ndege imafuna kuthamanga kwambiri kuti inyamuke. Amene muli ku Dedza kapena ku Mzuzu, nkhani ya mpweya wopepukayi ikukhudzaninso, ngakhale mosafika pa ya kuno.

Koma cholakwa chimene chinaiphadi ndinachichita ndi zala zanga pabwalo pomwepo. Nditaliza injini zonse, ya kumanzere inkamveka yotsalira pang'ono. Pofuna phokoso lija, ndinapotokola singano ya kabuleta kuti ilandire mafuta ochepa, ndipo inakwera mawu n'kufanana ndi inzake. Ndinasangalala. Injini ya glow ukaimana mafuta imalira mokoma ili pansi, koma ndege ikakweza mphuno mafuta amavutika kukwera kuchokera mu thanki, injini n'kutentha, n'kuzima. Yanga inazima ndege itangonyamuka, ili pamsinkhu wa mtengo wa bulugama, mphuno ili m'mwamba, liwiro lili lochepa.

Zimene zinatsatira ndikufuna muzimvetse bwino, chifukwa kusankha konse kwagona pamenepa. Injini ya kumanja inapitiriza kukoka ndi mphamvu zonse, ndipo popeza inali masentimita 26 kuchokera pakati, inakhotetsera mphuno kumanzere ngati munthu wopalasa bwato mbali imodzi. Phiko la kumanzere linataya mphepo imene pulopela inkalipemerera, komanso linabwerera m'mbuyo pokhota paja, choncho linayamba kugwa. Ine, mwachizolowezi cha ndege ya injini imodzi, ndinakankhira aileron (tizitseko ta kumapiko topendeketsa ndege) kumanja kuti ndilidzutse. Kuchita zimenezo kumatsitsa aileron ya kumanzere, ndipo pa phiko lomwe latsala pang'ono kale kusiya kugwira mphepo, kumeneko n'kulimaliza. Ndege inagudubuka chagada, inazungulira kamodzi ndi theka, kenako phwaa! Throttle, kandodo ka mphamvu ya injini pa rimoti, inali idakali pamwamba m'dzanja langa. Rudder, chiwongolero cha kumchira, sindinaikhudze n'komwe.

Oom anandithandiza kutola zidutswa osanena kanthu. Tikubwerera anangoti, pa ndege ya injini ziwiri ukaona chachilendo, tsitsa throttle kaye, uziganiza pambuyo. Ukatsitsa, mphamvu yopotokola ija imatha, ndipo umatsala ndi ndege wamba yopanda injini, imene unaphunzira kale kuitera. Sungathe kudziwa msanga kuti yazima ndi iti uli pansi, ndege ili patali; woyendetsa ndege yeniyeni amamva m'thupi mwake, ife timangoona ndi maso, ndipo pamene waona nthawi yatha kale.

Ndinakhala miyezi 3 osapanga kanthu. Nditabwereranso, funso langa linali la Oom lija, ndipo pulani iliyonse ndinkaiyang'ana ndi diso limenelo.

Choyamba ndinkayeza mtunda wa injini kuchokera pakati. Zikayandikana ndi thupi, moti pulopela imangotsala pang'ono kulikhudza, mphamvu yokhotetsa imachepa. Kenako ndinkayang'ana kumchira: thupi lalitali kumbuyo kwa phiko, mchira woimirira waukulu, ndi rudder yotakata. Ndege zeniyeni zankhondo zili ndi michira yaing'ono chifukwa zimathamanga kwambiri; ukaichepetsa kukhala kandege, mchirawo umaperewera pa liwiro lochepa, pamene ukuufunitsitsa. Phiko ndinkafuna lofanana m'lifupi kuyambira pathupi mpaka kunsonga, ngati thabwa. Mapiko osongoka amayamba kusiya mphepo kunsonga, kumene kuli aileron, ndipo ndege imagwera mbali mwadzidzidzi. La ngati thabwa limayambira pafupi ndi thupi, ndege n'kungogwetsa mphuno mofatsa. Ndi chifukwa chake DC-3, ngakhale ndimaikonda poti inali m'gulu la ndege zoyamba za Air Malawi m'zaka za m'ma 1960, ndinaisiya. Nsonga za mapiko ake n'zoonda. De Havilland Mosquito, ndege yamatabwa ya ku Britain ya mu 1940, ndinaisiya pa chifukwa chomwecho, mtima ukuwawa.

Ngati simungapirire popanda ndege yofanana ndi yeniyeni, zilipo zofatsa. Britten-Norman Islander, imene inayamba kuuluka mu 1965, ili ngati inapangidwira ife: phiko lapamwamba lowongoka, thupi la bokosi losavuta kudula, matayala osapindika, mchira wamtali. De Havilland Canada Twin Otter ndi chimodzimodzi. Palinso Cessna 337 Skymaster, imene ili ndi injini imodzi kutsogolo ndi ina kumbuyo pamzere umodzi, kotero kuti ina ikazima ndege siyikhota. Koma kunena zoona, imeneyo siyikuphunzitsani kuulutsa ndege ya injini za pamapiko. Mungopeza phokoso lokha. Amene safuna kudula ndi kumata kwambiri amayambira pa TwinStar ya kampani ya Multiplex ya ku Germany, ya foam yolimba, mapiko otalika pafupifupi mita 1.4. Ndaonapo zingapo pabwalo pathu, zina zomatidwamatidwa ngati chikwama cha wophunzira, zikuulukabe. Anthu a Flite Test ku America alinso ndi mapulani a ndege za foam board, monga Guinea Pig, yamimba yaikulu yonyamula katundu.

Ine ndinatenga nzeru za zonsezi n'kujambula yangayanga pa pepala la khaki. Ndi bokosi lokhala ndi mapiko, palibe dzina lina. Thupi ndi la masentimita 12 m'lifupi, la foam board ya mamilimita 5, pansi pake ndinamata correx, pulasitiki ija ya zikwangwani za ogulitsa nyumba, kuti isang'ambike potera pa udzu. Phiko ndi la mita 1.5 m'litali ndi masentimita 25 m'lifupi, lokhala ndi kathabwa ka paini m'kati ngati msana. Mchira woimirira ndinaukulitsa mpaka anzanga kumati ndi chitseko cha bafa. Mamota ali masentimita 17.5 kuchokera pakati, ndipo ndinawapendeketsa madigiri 2 kuloza kunja, kuti imodzi ikatsala yokha izikokera pang'ono mbali yake m'malo mongokankhira mphuno kwa inzake yakufayo. Yonse inalemera makilogalamu 1.7, ndiye kuti magalamu 45 pa sikweya desimita, osafika theka la P-38 ija. Ndinaimaliza m'masabata 3, madzulo okhaokha ndikaweruka. Mwana wanga wamkazi ataiona anaitcha Kabaza, ndipo dzinalo linakanirira.

Mwaona kuti ndati mamota, osati injini. Apa ndi pamene ena pakalabu timasiyana maganizo. Iwo amati ndege yamagetsi ilibe moyo, imalira ngati makina ometera. Sindikutsutsa kwenikweni, fungo la mafuta a nsatsi amene amasakaniza mu mafuta a glow ndimalikondabe. Koma pa ndege yoyamba ya mtundu uwu, magetsi amachotsa vuto lalikulu. Mota ilibe singano yoti uipotokole mopusa, ilibe pulagi yoti ipse, ndipo iwiri yofanana imayankha limodzi ukakankha throttle, pamene injini za glow ina imatha kudzuka msanga inzake ikutsokomola, ndege n'kukhotera kutchire isananyamuke. Ndipo kwa amene muli kumudzi, batire mumatchaja ngakhale pa batire la galimoto, pamene mafuta a methanol ndi nitromethane si chinthu chopezeka pa filing'i siteshoni.

Magetsi nawo ali ndi misampha yake, ndipo iwiri ndinaiponda. Ndinaika mamota a saizi ya 2212, mapulopela a mainchesi 8, ESC (kachipangizo kolamulira liwiro la mota) ya 30A pa mota iliyonse, ndi batire limodzi la LiPo la 3S 2200mAh lodyetsa mbali zonse. Batire limodzi n'lofunika: mukapatsa mota iliyonse lake, lina lidzatha msanga ndipo mwabwerera ku vuto lija. Koma ngakhale pa batire limodzi, ESC iliyonse ili ndi malire ake a voteji pamene imadula mota poteteza batire, ndipo ziwiri sizidula nthawi imodzi ndendende. Tsiku lina ndinatengeka, ndinapitirira nthawi, ndipo mota ya kumanja inafooka yokha ndili pokhota. Ulendo uno chala chinatsitsa throttle chisanandifunse. Kabaza anawongoka, anayandama ngati khwangwala, n'kutera pa udzu wautali popanda chothyoka. Kuyambira pamenepo wotchi ya pa rimoti imalira pa mphindi 6, ndipo ma ESC onse ndinawaika kuti azichepetsa mphamvu pang'onopang'ono m'malo modula kamodzi.

Msampha wachiwiri ndi wa waya wofiira. ESC iliyonse imatumiza magetsi a 5V ku risiva, kabokosi kolandira malamulo a rimoti m'ndege, kudzera pa waya wofiira wa pakati. Mukalumikiza ziwiri, magetsi awiriwo amatha kulimbana, makamaka pa ma ESC a mtundu wa switching. Yanga ina inkatentha ndege ili pa tebulo, mpaka mnyamata wina wa pakalabu, wamng'ono kwa ine ndi zaka 20, anasolola waya wofiira wa imodzi pa pulagi n'kuukulunga ndi tepi. Anandiuzanso kuti ngati mawaya aperewera, nditalikitse atatu opita ku mota, osati awiri ochokera ku batire, chifukwa mawaya aatali a batire amatopetsa makapasita a ESC. Ndinamuthokoza ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Pochita zonsezi chotsani mapulopela. Awiri ali mbali zonse za manja anu, ndipo pulopela yamagetsi siima ikagunda chala.

Pali zabwino zina zimene magetsi amapereka mwaulere. Mota ya brushless imazungulira chobwerera mukangosinthanitsa mawaya awiri mwa atatu aja, ndiye mukagula pulopela imodzi yozungulira mosemphana, mphamvu zopotokola za mamota awiri zimathetsana. Muike kuti nsonga zapamwamba zizizungulira kuloza kuthupi la ndege: mukaima kumbuyo, ya kumanzere iyende ngati wotchi, ya kumanja mosemphana. Zikatero mbali ya pulopela imene imakoka kwambiri ndege ikakweza mphuno imakhala pafupi ndi thupi. Chodabwitsa n'chakuti P-38 yeniyeni inali ndi mapulopela ozungulira kuloza kunja, ndipo oyendetsa ake ankaphunzitsidwa kuti injini ikazima ponyamuka ayambe achepetsa mphamvu ya inayo, monga Oom anandiuzira ine.

Chimene chinandiphunzitsa kwambiri ndi kaswitchi kamodzi. ESC iliyonse ndinaipatsa tchanelo yakeyake pa risiva, n'kukonza pa rimoti kuti ndikagwetsa switchi ina mota ya kumanzere izime, ndikagwetsa ina ya kumanja. Ndimakwera m'mwamba kwambiri, kandege kakuoneka ngati namzeze, ndipo ndimauza mnzanga kuti agwetse imene wafuna osandichenjeza. Masabata oyamba ndinkangotsitsa throttle n'kuwongola. Kenako ndinayamba kubwezera mphamvu pang'onopang'ono, rudder ili kumbali ya mota yamoyo, mphuno ili pansi pang'ono kuti liwiro lisathe. Ndinapeza kuti Kabaza amauluka mowongoka ndi mota imodzi mpaka throttle itapitirira pang'ono theka. Kupyola apo rudder imaperewera, ndipo amayamba kupendama. Ndinapezanso kuti kukhotera mbali ya mota yamoyo n'kovuta koma kotetezeka, pamene kukhotera kwa yakufa n'kosavuta mopitirira, moti ukangotayirira ndege imalowa yokha m'chizungulire. Dzanja langa lamanzere, limene zaka zonsezi linkangodziwa throttle, linaphunzira rudder pamenepo. Ambiri a ife timaulutsa ndi aileron ndi elevator (yokweza ndi kutsitsa mphuno) zokha, rudder timaikumbukira pansi poyendetsa ndege pabwalo.

Amene mwatsimikiza mtima kuti mukufuna glow basi, sindikuletsani, koma injini zonse ziwiri muyambe mwaziulutsa imodziimodzi pa ndege ya injini imodzi mpaka zitazolowera ndipo mukuzidziwa khalidwe. Iliyonse ikhale ndi thanki yake pafupi, pamsinkhu wa kabuleta. Poitchuna, lizani imodzi yokha, mupeze pamene ikulira kwambiri, kenako mubwezere singano kuti mafuta achuluke mpaka mawu atsike pang'ono; muzimitse, muchite chimodzimodzi ndi inayo. Zikasiyana pang'ono, zisiyeni. Ngati kusiyanako kukukuvutani, tsitsani yothamangayo poipatsa mafuta ambiri, musakweze yotsalira poimana. Musananyamuke, mnzanu ainyamule ndege mphuno ili m'mwamba, throttle yonse, kwa masekondi 10, ndipo ikangosintha mawu imodzi musauluke. Mayeso amenewa ndinkawadziwa tsiku la P-38 lija. Ndinawadumpha chifukwa anthu anali atasonkhana ndipo ndinkafuna aone.

Injini ziwiri zija zinapulumuka, imodzi inangopindika singano. Chaka chatha ndinazitsuka, ndipo iliyonse yaulukapo maulendo oposa 20 pa ndege yanga yakale ya ophunzira. Panopa pa tebulo langa pali thupi la Islander la balsa, mapiko a mita 1.8, ndipo mchira ndaukulitsa pang'ono kuposa mmene pulani ikunenera. Palibe amene adzaone kusiyanako ndege ili m'mwamba. Oom anabwera kudzaiona mwezi watha. Anayezanso ndi chikhatho chija kuchokera pakati kufika pa injini, anagwedeza rudder ndi chala, n'kufunsa ngati ndaganiza zoika matayala opindika. Ndinati ayi, Islander yeniyeni ilibe. Anapempha tiyi.